Bwanji wathawa uyu osati mnzake? Za ana othawa pakhomo ndi abale awo ku Mchinji

Pakhomo pa ana asanu njala ikalowa imapweteka onse asanu, koma wothawa amakhala mmodzi. N'chifukwa chake yankho loti "wathawa umphawi" limasiya nkhani panjira. Kuno ku Mchinji, kuyambira kwa Mkanda mpaka kwa Mavwere, makomo ambiri amadya kamodzi patsiku mu Januwale ndi Febuluwale, koma ana ake amadzukabe pakhomo pomwepo. Wofuna kudziwa chothawitsa mwana ayang'ane malo amene mwanayo wapatsidwa pakati pa abale ake: wabadwa kwa ndani, ndi wachingati, amagona nyumba iti, akalakwa amamuyankhulira ndani, ndiponso ndi mkulu wake uti amene anachoka kale n'kumuonetsa njira.

Tikunena za ana osinkhuka, a zaka 12 mpaka 17. Chiyambire Febuluwale 2017, pamene aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kaya anavinidwa kale, kaya wamera ndevu. Ndipo mwa ana amene timati athawa, ena sanathawe ayi. Anauzidwa mkangano uli mkati kuti "nyamuka, pita kwa bambo ako" kapena "pano si pa amako", mwana n'kumvera. Akuluakulu akamakanena kwa amfumu, mawu amenewo sawatchula. Choncho funso loyamba ndi la zimene zinayankhulidwa usiku womaliza, ndipo wonena zoona kawirikawiri amakhala mng'ono wake amene anagona pamphasa akumva zonse.

Denga limodzi, ana a mabanja atatu

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 anapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse m'Malawi amakhala pakhomo pamene palibe ndi mmodzi yemwe mwa makolo ake omubereka. Kulera mwana wa m'bale si chinthu choipa, anthu ambiri anakula choncho ndipo anakula bwino. Vuto limabwera pamene ana ogona denga limodzi alibe mphamvu zofanana pa mphika, pa munda ndi pa ndalama ya sukulu.

Pa chikamwini, banja likatha bambo amabwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mayi pakati pa mbumba yawo. Mayi akakwatiwanso, chaka choyamba chimayenda bwino, chifukwa mkamwini watsopano amafuna kuoneka wabwino pamudzi. Zinthu zimatembenuka mwana woyamba wa banja latsopanoli akabadwa. Tsopano bamboyo ali ndi wake, ndipo akagulitsa soya kapena mtedza mumamva kuti "ine ndilipirira anga, enawa bambo awo alipo". Mayi amakhala pakati. Banja loyamba linatha, safuna kuti ilinso lithe, ndiye amangouza wamkuluyo kuti apirire. Mwana samva kuti mayi akuopa. Amamva kuti mayi asankha. Ubwino wa chikamwini ndi woti pothawira pali pafupi: nyumba ya agogo ili kuseri, amayi aang'ono ali patsidya, amalume ali ndi mphamvu yoitanitsa mkamwini n'kumufunsa. Mwana wa pamudzi wotere akathawa, kawirikawiri sapitirira mudzi wachiwiri.

Choopsa kwambiri ndi chitengwa cha banja lachiwiri. Mayi akatengedwa, tinene kuchokera kwa Dambe kupita kwa Simphasi, ali ndi njira ziwiri ndipo zonse zimaluma. Akatenga ana onse, akuluwo amakakhala alendo. Mnyamata wa zaka 15 amadziwa bwino kuti munda umene akulimawo sadzaugawiridwa, ndipo palibe malume womuikira kumbuyo. Akatenga woyamwa yekha n'kusiya akulu kwa agogo, abale agawikana, ndipo osiyidwawo amawerenga kuti mayi anatenga amene amamukonda. Ana otere amathawa maulendo awiri: koyamba kulondola mayi, ndipo akakawabweza kumeneko, kachiwiri amapita kutali osauza munthu.

M'mabanja ena a Angoni kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, kumene malowolo anaperekedwa, zimatembenuka: ana amatsala kwa bambo, mayi ndiye amachoka, n'kubwera mayi wopeza. Apa mkangano umagwera kwambiri pa mtsikana, poti ndiye amakhala ndi mayi wopezayo tsiku lonse, kukhitchini, kumjigo ndi kuchigayo, pamene mlongo wake ali kudimba kapena kubusa. Bambo amangolandira lipoti madzulo, ndipo amalimva kuchokera mbali imodzi. Makolo opeza ambiri amalera bwino ndithu, ena kuposa obereka. Muyeso wake ndi zimene ana amaona pogawa, osati dzina loti wopeza.

Za mitala sitichulutsa. Ana a nyumba yaikulu ndi a nyumba yaing'ono amawerenga matumba a feteleza amene apita kumunda uliwonse, ndiponso masiku amene bambo agona mbali iliyonse fodya akagulitsidwa. Wothawa amachokera ku nyumba imene yaiwalidwa chaka chimenecho.

Ana amasiye ali ndi lawo vuto. Maliro akatha, abale amagawana ana mofulumira, aliyense akuganiza za ulendo wobwerera. Mtsikana wa zaka 12 mpaka 14 amapeza womutenga msanga, ndipo tisanamizane, amatengedwa chifukwa adzalera ana ndi kutunga madzi. Aang'ono amapita kwa agogo. Mnyamata wamkulu sapeza womufuna, amangomuuza kuti asunge nyumba. Ana amene ataya makolo amatayanso abale awo sabata yomweyo, ndiye ambiri mwa amene amasowa pambuyo pake amakhala akufunafuna mng'ono kapena mlongo wawo. Ngati kugawa n'kosapeweka, apite awiriawiri, ndipo pakhale pangano la nthawi yokumana, monga tchuthi chilichonse cha sukulu kwa agogo. Chuma cha malemu chitsate ana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu.

Zimene ana amawerenga

Makolo amaganiza kuti kukondera ndi chinthu chachikulu choonekera. Ana amakuona m'tinthu ting'onoting'ono tobwerezabwereza: ndani wapatsidwa nthuli ndipo ndani msuzi wokha, sopo amasungidwa m'chikwama cha ndani, bulangete latsopano wafunda ndani mu Juni, ndani amadzutsidwa mbandakucha kukathirira nazale ya fodya mnzake ali mtulo. Chachikulu pa zonse ndi chilango. Ana awiri akalakwa chimodzimodzi, wina n'kukalipiridwa chabe, wina n'kumanidwa nsima, womanidwayo saiwala.

Kugawa mofanana sikutheka nthawi zonse, ndipo ana osinkhuka amadziwa zimenezo. Amavomera kuti wodwala adye dzira, kapena kuti wolemba mayeso agulidwe tochi. Chimene savomera ndi kusiyana kopanda chifukwa chonenedwa. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zatuluka. Pakhomo pali ana awiri oti apite ku sekondale, ndalama ya yunifolomu, nsapato ndi zina ikukwanira mmodzi. Mbuzi imagulitsidwa, wina n'kupita, wina n'kuuzidwa kuti "iwe udikire chaka chamawa" popanda womufunsa maganizo. Izi zimachitika miyezi yomwe anthu ofuna antchito a m'mafamu amazungulira m'midzi mvula isanagwe. Mwana wotsalayo amakhala ndi mkwiyo, nthawi yambiri, ndi munthu womulonjeza malipiro. Njira yochepetsera ngoziyi ndi kukhala pansi ndi ana onse awiri, kunena ndalama imene ilipo, kutchula mwezi umene winayo adzayambe ndi chimene chidzagulitsidwe, pamaso pa malume kapena nkhoswe kuti likhale pangano.

Kubadwa koyamba kuli ndi katundu wake. Mtsikana wachisamba pakhomo pa ana asanu ndi mmodzi amakhala mayi wachiwiri asanakwane zaka 12. Amajomba kusukulu mwana akadwala, amabwereza kalasi, amapezeka ali ndi zaka 16 mu Sitandade 6 pakati pa tiana, manyazi n'kumugwira. Kwa iye banja limaoneka ngati kupuma: ntchito ndi yomweyo, koma mphika udzakhala wake. Kafukufuku uja anapezanso kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Mwa maukwati otere, ena amayamba ndi mtsikana kuchoka usiku ndi kachikwama, makolo n'kungovomereza pambuyo, ngakhale lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18. Mwana wapakati vuto lake ndi lina: alibe udindo wa wamkulu, alibe chisamaliro cha mzime, moti amatha kugona kwina masiku awiri anthu akuganiza kuti ali kwa agogo.

Palinso nkhanza za pachibale, zimene makomo ambiri saziwerengera. Bambo akachoka kapena akamwalira, mnyamata wamkulu amapatsidwa mphamvu yolanga ang'ono ake. Alibe luso la kholo, ali ndi mphamvu za m'manja chabe, ndipo mayi akamva kulira amati "ndi mkulu wako, akukulangiza". Choipitsitsa ndi kugwiriridwa ndi bambo wopeza, mwana wa bambo wopezayo, kapena msuweni amene akukhala pakhomo. Kagonedwe n'kofunika kukayang'ana: kodi mtsikana amagona yekha m'gowelo lopanda loko, kapena pabalaza podutsa aliyense usiku? Zizindikiro zake ndi kukana kutsala pakhomo ndi munthu wina wake, kugona atavala zovala zambiri, kuchedwa dala kusukulu kapena kutchalitchi, ndi kukakamira kuti mng'ono wake wamkazi asatalikirane naye. Mtsikana wotere akaulula n'kuuzidwa kuti asapasule banja la mayi ake, chotsatira ndi ulendo.

Mkulu ndiye njira, mng'ono ndiye chingwe

Mwana sathawira kumalo kumene sakudziwako munthu. Kuchokera pa boma la Mchinji, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, ndipo njira zachidule zolowera m'Zambia n'zambiri, anthu amadutsa pa njinga tsiku ndi tsiku. Komabe mwana wa zaka 14 sangoyamba yekha. Pamakhala mkulu wake kapena msuweni amene anapita chaka chatha kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito pa famu ya fodya, kapena achemwali ake amene akugwira ntchito yapakhomo ku Lilongwe. Akabwera pa Khirisimasi ndi foni ndi nsapato zatsopano, sanena za miyezi imene sanalipidwe, poti nayenso akufuna ulemu pamudzi. Mng'ono amaona foni yokha. Ndalama ya minibasi imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala ya mnzake, ndipo makolo amadzadziwa mwana ali kale pa Kamwendo, pamsewu wa ku Lilongwe.

Pakhomo pamene mwana mmodzi anathawapo, otsatira ake ali pangozi yaikulu, pa zifukwa zitatu zolumikizana. Chimene chinathawitsa woyamba chikadalipo. Ntchito ndi mkwiyo zimene zinkagwera iye tsopano zatsikira kwa wotsatira. Ndipo njira yadziwika, ndi mtengo wake womwe. Anthu olemba ana ntchito amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatuma mkulu kuti akatenge mng'ono wake, mwina n'kumulonjeza kangachepe pamwamba. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 siliwerengera zoti mwanayo anavomera yekha, ndipo wozembetsa mwana angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 21. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe.

Mbali inayo anthu saiona kawirikawiri. Ana ambiri amene ali ndi zifukwa zonse zothawira amakhalabe chifukwa cha ang'ono awo. Mtsikana amapirira bambo wopeza wankhanza poopa kuti akachoka, dzanja ligwera mng'ono wake. Mnyamata amagwira ganyu n'kubwerera madzulo chifukwa kamlongo kake kakudikira chakudya. Choncho mng'ono akamwalira, kapena akatengedwa ndi azakhali, chogwira wamkuluyo chaduka. Chimodzimodzinso mkulu amene ankateteza anzake akakwatiwa kapena akapita ku sukulu yogonera komweko, wotsatira amatsala poyera. Miyezi yoyamba pambuyo pa kusintha kotere ndi imene aphunzitsi, amayi a Mother Group (gulu la amayi loyang'anira ana pasukulu) ndi amalume ayenera kumuyendera mwana wotsalayo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Tsiku loyamba mwana akasowa

Cholakwika chofala ndi kusonkhanitsa ana onse pabwalo n'kuwaopseza ndi ndodo kuti anene. M'bale amene akudziwa analonjeza kusunga chinsinsi, ndipo akaona ndodo amatsimikiza kuti mkulu wake anachita bwino kuthawa. Mufunseni payekha, ndipo wofunsa akhale munthu amene samuopa, monga agogo, amayi aang'ono kapena mphunzitsi wake. Funso lisakhale loti "ali kuti?" Agogo anganene kuti, "Mdzukulu wanga, palibe amene akumenye, ndipo mkulu wakoyo sitikamumenya. Anakuuza kuti akukakumana ndi ndani? Anakusiyira chiyani?" Wothawa nthawi zambiri amatsanzika mng'ono wake mwa njira ina, pomupatsa malaya, kandalama kapena nambala ya foni. Lonjezo loti sakamenyedwa lisungidwe, apo ayi ulendo wina simudzamvanso kanthu.

Kenako onani zimene zasowa. Ngati watenga makope ndi yunifolomu, akupita kwa m'bale ndipo akufuna kupitiriza sukulu. Yambani ndi kwa bambo kapena mayi omubereka, ndi kumene kuli abale ake amene anagawikana nawo. Ngati watenga zovala zonse, chitenje ndi buku la kuchipatala, ganizirani za banja kapena mimba. Ngati sanatenge kanthu, wachoka ndi mantha kapena mkwiyo wadzidzidzi, ndipo ameneyu ndiye wofunika kumufuna mwachangu kuposa onse, chifukwa angadzipweteke. Funsani anyamata a kabaza pa siteji yapafupi, oitanira minibasi, ndi wotumiza ndalama pa foni amene ali pamsika. Iwowa amakumbukira mwana woyenda yekha ndi chikwama m'mawa.

Kanenani tsiku lomwelo kwa amfumu ndi kwa apolisi akumudzi, ndiponso kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, mutatenga chithunzi chake chaposachedwa. Palibe chifukwa chodikira masiku. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza pa nkhani za ana. Ofesi ya Social Welfare pa boma ili ndi alangizi oteteza ana m'madera a mafumu akuluakulu. Ngati mukuganiza kuti wawoloka malire, auzeni apolisi zimenezo poyamba pomwe kuti alumikizane ndi anzawo a ku Zambia. Kupita nokha kukalimbana ndi mwini famu kumangochititsa kuti mwanayo abisidwe kapena asamutsidwe.

Akapezeka

Usiku umene wabwera si wa mlandu. Adye, asambe, agone kwa munthu amene wamusankha yekha. Ngati pali chikaiko choti anagonedwa, apite kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amafuna masiku oyambirira omwewo. Ngati wanena kuti wina pakhomo amamugwiririra, nkhaniyo ndi yakupolisi, si ya ankhoswe, ndipo asabwezedwe m'nyumba imene muli munthuyo. Ang'ono ake aakazi afunsidwenso mwakachetechete ndi mlangizi.

Pa nkhani zina zonse, pakhale msonkhano wa malume, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi kholo lopeza, koma mwanayo ayambe wamvedwa payekha, chifukwa pamaso pa akulu angoweramitsa mutu n'kupepesa. Msonkhano umene watha ndi mawu oti "muzikondana" sunathandize kanthu. Utuluke ndi zinthu zogwirika: azigona kuti, ntchito za m'mawa azigawana bwanji ndi abale ake, ndani agule yunifolomu ndipo liti, ndani aletsedwe kumulanga, ndani azibwera kudzaona pakatha milungu iwiri iliyonse. Bambo womubereka amene anasiya kuthandiza angathe kusumiridwa kukhoti pansi pa lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 kuti azipereka chithandizo, ndipo zimenezi zimachotsa mawu aja oti "enawa bambo awo alipo". Pakhomo polandira Mtukula Pakhomo, amene anayambira m'boma lino mu 2006, pamakhala ndalama yowonjezera ya ana a pasukulu. Nkhoswe ifunse ngati mwana amene analembedwa m'kaundula akuonako kanthu pa ndalamayo. Mtsikana amene wabwera ndi pakati ali ndi mwayi wobwerera kusukulu akabereka. Ndondomekoyi ilipo chiyambire 1993, ndipo ndi bwino kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu mwanayo asanabereke.

Abale amene anatsala asaiwalidwe. Iwo ndiwo ananyamula ntchito za wothawayo, mwina anamenyedwa pofunsidwa, ndipo tsopano akuona mnzawo akugulidwa nsapato. Akangoona kuti wothawa ndiye amamvedwa, wotsatira aphunzirapo. Chimene chakonzedwa kwa mmodzi chikonzedwe kwa onse pa msonkhano womwewo, ndipo aliyense afunsidwe chake chomuwawa. Ngati zapezeka kuti mwanayo sangakhalenso pakhomopo ndipo apita kwa amalume kapena kwa agogo, funsani kuti ndi m'bale uti amene akufuna kupita naye, ndiponso ndi uti amene akuopa kumusiya. Ngati nyumba yolandirayo singakwanitse ana awiri, mbumba isonkhe chimanga ndi ndalama ya sopo ya mwana wachiwiriyo, ndipo zilembedwe kuti aliyense apereka zingati pa mwezi.